Khoti, boma ndi kampani ya mgodi: momwe mlandu wa mkuwa wa ku Panama unayendera

M'mawa wa pa 28 Novembala 2023, Khoti Lalikulu la dziko la Panama linalengeza kuti lamulo lomwe linkalola kampani ya First Quantum Minerals kukumba mkuwa m'dzikolo likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko, omwe pa Chipwitikizi amatchedwa Constituição. Oweruza onse 9 anagwirizana chimodzi. Tsiku lomwelo Pulezidenti Laurentino Cortizo anauza mtundu wake kuti mgodiwo utsekedwa.

Panama ndi dziko laling'ono la anthu opitirira 4 miliyoni, lomwe lili pakati pa America wa Kumpoto ndi America wa Kumwera. Mgodi womwe ukunenedwawu, wotchedwa Cobre Panamá, uli m'chigawo cha Colón ndipo sunali wamasewera. Kuumanga kunadya ndalama pafupifupi madola 10 biliyoni a ku America, ndipo m'chaka cha 2022 chokha unatulutsa matani pafupifupi 350,000 a mkuwa. Pa ndalama 100 zilizonse za chuma cha dzikolo, pafupifupi 5 zinkachokera pamgodi umenewu. Kampani ya First Quantum ndi ya ku Canada, ndipo ndi yomweyi imene ikukumba mkuwa ku Kansanshi pafupi ndi Solwezi komanso ku Kalumbila m'dziko la Zambia.

Chodabwitsa n'chakuti khoti lomweli linali litagamulapo kale chimodzimodzi m'chaka cha 2017, koma chigamulocho sichinaimitse mgodi ngakhale tsiku limodzi. Ulendo woyamba mlandu unatenga zaka 12 kuti ufike pamapeto. Ulendo wachiwiri unatenga masabata osakwana 6. Kusiyana konseku kwagona pa ndondomeko ya khoti: ndani ali ndi ufulu wokasuma, ndani amamvedwa, masiku angati amaperekedwa, ndiponso chigamulo chimayamba liti kugwira ntchito.

Mlandu wotere umasiyana bwanji ndi milandu ina

Anthu awiri akakangana malire a munda, amfumu amaitana mboni, amapita kukaona mtengo kapena chulu chomwe makolo anaika ngati malire, kenako amagamula kuti wolakwa ndani. Mlandu wokhudza malamulo aakulu a dziko suyenda choncho. Sipaitanidwa mboni, ndipo palibe amene amamangidwa kapena kulipitsidwa. Oweruza amatenga zikalata ziwiri n'kuziika pamodzi: lamulo lomwe anthu akulidandaula, ndi malamulo aakulu a dziko. Funso limakhala limodzi lokha, lakuti kodi lamulo laling'onoli likugwirizana ndi lalikululo? Ngati silikugwirizana, limafafanizidwa.

Nanga mgwirizano wa kampani ndi boma unafika bwanji pa khoti lotere? Ku Panama, mgwirizano wa mgodiwu sunathere pa kusainirana kwa nduna ndi akuluakulu a kampani. Unapita ku Nyumba ya Malamulo, aphungu anauvomereza, ndipo unasanduka lamulo la dziko lokhala ndi nambala yake. Kampani zimakonda njira imeneyi chifukwa boma latsopano silingasinthe mgwirizanowo mwachisawawa. Koma njira yomweyi ili ndi msampha wake. Chilichonse chomwe ndi lamulo chikhoza kukayesedwa pa Khoti Lalikulu, ndipo ndime 206 ya malamulo aakulu a Panama imalola munthu aliyense kukasuma.

Mlandu woyamba: chigamulo chomwe chinagona m'kabati

Mgwirizano woyamba unavomerezedwa ndi Lamulo 9 la mu Febuluwale 1997, ndipo unali pakati pa boma ndi kampani ya Minera Petaquilla. M'chaka cha 2009, bungwe loona za chilengedwe la Centro de Incidencia Ambiental linakasuma ku Khoti Lalikulu. Mfundo yaikulu inali yakuti boma linapereka malo a mgodiwo popanda kuchititsa mpikisano wa makampani monga momwe malamulo ankafunira, kotero dziko silinapeze phindu lomwe likanapeza.

Khoti linakhala chete kwa zaka 8. Pa nthawi imeneyi umwini wa mgodi unasintha manja, ndipo m'chaka cha 2013 First Quantum inagula kampani ya Inmet yomwe inali nawo. Ntchito yomanga inapitirira. Mu Disembala 2017 oweruza anagamula kuti Lamulo 9 likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko, koma anthu anadzamva za chigamulochi mu Seputembala 2018.

Apa ndi pomwe ndondomeko inaonetsa mphamvu zake. Malamulo a Panama amati zigamulo zotere ziyenera kusindikizidwa m'nyuzipepala ya boma yolengezera malamulo, Gaceta Oficial, yomwe ndi yofanana ndi Boletim da República ya ku Moçambique. Maloya a kampani komanso boma anapempha khoti kuti limveketse bwino zomwe chigamulocho chikutanthauza. Iwo ankati chomwe chafa ndi lamulo lovomereza mgwirizano, osati mgwirizano weniweniwo. Pamene zopemphazi zinkadikira yankho, chigamulo sichinasindikizidwe. Mgodi unayamba kutulutsa ndi kugulitsa mkuwa m'chaka cha 2019. Khoti linakana zopemphazo m'chaka cha 2021, ndipo chigamulo chinasindikizidwa mu Disembala chaka chomwecho, patatha zaka 4 chigamulidwireni. Odandaula anapambana papepala, koma dzenje linali litakumbidwa kale.

Mgwirizano watsopano ndi mkwiyo wa anthu

Popeza lamulo lakale linali litafa, boma ndi kampani anayamba kukambirana mgwirizano wina. Zokambiranazo zinali zokokanakokana, moti mu Disembala 2022 boma linalamula kuti ntchito pamgodi iimitsidwe. Mu Malichi 2023 mbali ziwirizi zinamvana. Kampani inavomera kumapereka ku boma ndalama zosachepera madola 375 miliyoni chaka chilichonse, ndipo inapatsidwa zaka 20 zokumba, ndi mwayi woonjezera zina 20.

Pa 20 Okutobala 2023 aphungu anavomereza mgwirizanowu. Tsiku lomwelo Pulezidenti anausaina ndipo tsiku lomwelonso unasindikizidwa ngati Lamulo 406. Liwiro limeneli linakwiyitsa anthu ambiri. Aphunzitsi, ogwira ntchito zomangamanga, achinyamata ndi mitundu ya eni nthaka anatseka misewu kwa masabata angapo. Alimi a m'chigawo cha Chiriquí, komwe kumachokera ndiwo zamasamba zambiri za dzikolo, analephera kupititsa zokolola zawo ku likulu ndipo zambiri zinaola. Eni mabwato anatseka doko la Punta Rincón, komwe kunkalowera malasha opangira magetsi a pamgodi. Anthu ena anataya miyoyo pa zionetserozo.

Pamene misewu inali yotsekedwa, maloya angapo anakapereka madandaulo awo ku Khoti Lalikulu.

Njira yomwe mlandu unadutsa

Gawo loyamba ndi kupereka dandaulo. Limalembedwa kudzera mwa loya, ndipo liyenera kutchula lamulo lomwe likutsutsidwa, ndime za malamulo aakulu zomwe zaphwanyidwa, ndi kufotokoza momwe zaphwanyidwira. Wodandaula safunika kuonetsa kuti iye mwini walandidwa munda kapena wamwa madzi oipa. Kungokhala munthu wokhudzidwa ndi malamulo a dziko lake n'kokwanira.

Gawo lachiwiri ndi kulandira dandaulo. Mlandu umaperekedwa kwa woweruza mmodzi mwa 9 aja, amene amaona ngati zofunika zonse zilipo. Dandaulo lolembedwa molakwika limabwezedwa lisanamvedwe n'komwe, ngakhale litakhala ndi mfundo zabwino.

Gawo lachitatu ndi kumva maganizo a akuluakulu a zamalamulo a boma. Panama ili ndi akuluakulu awiri otere, Procurador General de la Nación ndi Procurador de la Administración, ndipo amalandira milandu imeneyi mosinthana. Amapatsidwa masiku 10 a ntchito kuti alembe maganizo awo. Pa mlandu uwu onse awiri, a Javier Caraballo ndi a Rigoberto González, anati Lamulo 406 likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Khoti silikakamizidwa kutsatira maganizo amenewa, koma zinaonetsa kuti ngakhale mkati mwa boma munalibe chimvano pa mgwirizano womwe boma lomwelo linasaina.

Gawo lachinayi ndi kutsegulira anthu onse. Khoti limalengeza za mlanduwo m'nyuzipepala kwa masiku 3, kenako limapereka masiku 10 kuti aliyense wofuna apereke mfundo zake polemba. Apa ndi pomwe kampani inalankhulira. Pa mlandu wotere kampani siimirira ngati woimbidwa mlandu, chifukwa chomwe chikuyesedwa ndi lamulo, osati kampani. Maloya ake anapereka zikalata zoikira kumbuyo mgwirizanowo pa khomo lomwelo pomwe mabungwe ndi anthu wamba ankaperekera zawo zoutsutsa.

Gawo lachisanu ndi kukambirana kwa oweruza. Woweruza amene anapatsidwa mlandu uja amalemba chigamulo chongoyerekeza, ndipo anzake amachiwerenga, kuchikonza ndi kuvota. Nthawi yolandira mfundo itangotha, pa 24 Novembala oweruza anadzitsekera m'khoti n'kunena kuti apitiriza kukumana mpaka atagamula. Anthu ankagona panja pa khoti kudikira. Patatha masiku 4, mkulu wa khotilo, mayi María Eugenia López, analengeza zotsatira.

Oweruza anapeza kuti Lamulo 406 likuphwanya ndime 25 za malamulo aakulu a dziko. Zina mwa zifukwa zake zinali zakuti panalibenso mpikisano wa makampani, lomwe ndi vuto lomwe lija linapha lamulo la 1997, komanso kuti mgwirizanowo sunateteze mokwanira ufulu wa anthu wokhala m'malo a chilengedwe chabwino.

Gawo lomaliza ndi kusindikiza. Ulendo uno panalibe kuzengereza: chigamulo chinatuluka mu Gaceta Oficial pa 2 Disembala 2023. Zigamulo za mtundu umenewu ku Panama zilibe apilo, aliyense ayenera kuzitsatira, ndipo sizibwerera m'mbuyo. Zimagwira ntchito kuyambira pomwe zaperekedwa kupita m'tsogolo.

Chifukwa chiyani aphungu sanalifafanize okha

Anthu ambiri ankafunsa kuti, popeza aphungu ndi amene anapanga lamuloli, bwanji osalifafaniza okha kuti misewu itsegulidwe? Maganizo amenewa anafikadi m'Nyumba ya Malamulo, ndipo Pulezidenti anayesanso kuitanitsa voti ya anthu onse pa nkhaniyi. Koma akatswiri a malamulo anachenjeza kuti boma likangophwanya lokha mgwirizano womwe lasaina, kampani idzapeza poyambira pofuna chipukutamisozi chachikulu kunja kwa dziko. Koma khoti likanena kuti mgwirizanowo unali wosemphana ndi malamulo aakulu, boma lidzakhala ndi podzitetezera. Choncho aphungu anachotsa mfundo yofafaniza Lamulo 406 n'kusiyira khoti. Chomwe anachita ndi kukhazikitsa Lamulo 407 pa 3 Novembala, loletsa kupereka zilolezo zatsopano za migodi ya zitsulo.

Chigamulo sichimaliza zonse

Khoti linangoyankha funso limodzi lomwe linafunsidwa. Silinanene za tsogolo la anthu pafupifupi 7,000 omwe ankagwira ntchito pamgodi, ndipo ambiri mwa iwo ntchito inawathera. Silinanene za yemwe azisamalira madamu osungira zinyalala za mgodi m'dera logwa mvula yambiri, kapena za matani oposa 100,000 a dothi la mkuwa lomwe linatsala padoko. Zonsezi zinatsalira boma. Nduna ya zamalonda, a Federico Alfaro, anatula pansi udindo patangopita masiku awiri.

Kampani nayo inali ndi khomo lina. Makampani akunja akamasaina mgwirizano ndi boma, kawirikawiri amaikamo mfundo yakuti mkangano ukabuka, ukaweruzidwe ndi amkhalapakati a kunja kwa dziko, zomwe pa Chipwitikizi amati arbitragem. First Quantum inakasuma ku bwalo la amkhalapakati la International Chamber of Commerce, ndipo inayambitsanso dandaulo lina potengera pangano la zamalonda la pakati pa Canada ndi Panama. Amkhalapakati alibe mphamvu youkitsa lamulo lomwe khoti la dziko lapha. Chomwe angachite ndi kulamula boma kuti lilipire ndalama, ndipo ndalamazo zimachokera m'thumba lomwelo lomwe limagulira mankhwala ndi kulipira aphunzitsi.

Pulezidenti watsopano, a José Raúl Mulino, amene analowa m'boma mu Julayi 2024, ananena kuti sakambirana ndi kampani ngati milandu ya kwa amkhalapakati ikadalipo. Kumapeto kwa Malichi 2025 kampani inachotsa mlandu umodzi n'kuimitsa winawo kuti zokambirana zitheke.

Nanga zitachitika ku Moçambique

Chigawo cha Tete chimadziwa bwino za migodi, choncho funsoli si lachilendo. Malamulo aakulu a Moçambique amanena m'ndime 98 kuti chuma cha pansi pa nthaka ndi cha Boma, m'ndime 109 kuti nthaka ndi ya Boma ndipo siigulitsidwa, ndipo m'ndime 90 kuti nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala m'malo a chilengedwe chabwino. Koma njira yotetezera ndime zimenezi ndi yosiyana ndi ya ku Panama.

Woyesa malamulo m'dziko lino ndi Conselho Constitucional, lomwe lili ku Maputo ndipo lili ndi oweruza 7. Mmodzi amasankhidwa ndi Pulezidenti wa dziko ndipo ndiye amakhala mkulu wake, 5 amasankhidwa ndi Assembleia da República, ndipo mmodzi amasankhidwa ndi bungwe loyang'anira oweruza, Conselho Superior da Magistratura Judicial. Zigamulo zake zilibe apilo ndipo zimasindikizidwa mu Boletim da República.

Kusiyana kwakukulu ndi kwa amene angakagogode pakhomo. Munthu mmodzi payekha sangathe. Omwe ali ndi ufuluwu ndi Pulezidenti wa dziko, mtsogoleri wa Assembleia da República, gawo limodzi mwa magawo atatu a aphungu, Nduna Yaikulu, Procurador-Geral da República, Provedor de Justiça, kapena nzika 2,000 zitasaina pamodzi. Kampani ya mgodi palibe pa mndandandawu.

Pali njira yachiwiri, yomwe imayambira pa mlandu wamba. Oweruza a makhoti onse saloledwa kugwiritsa ntchito lamulo losemphana ndi malamulo aakulu. Woweruza akakana kugwiritsa ntchito lamulo pa chifukwa chimenechi, nkhaniyo imatumizidwa ku Conselho Constitucional kuti ikagamulidwe komaliza. Kampani kapena mlimi akhoza kudzutsa funsoli mkati mwa mlandu wake.

Njira ya nzika 2,000 inagwirapo kale ntchito. Mabungwe a mu Fórum de Monitoria do Orçamento anasonkhanitsa masiginecha n'kukadandaula za ngongole ya madola 850 miliyoni ya kampani ya EMATUM, ndipo mu Juni 2019 Conselho Constitucional linagamula kuti ngongoleyo ndi chitsimikizo chomwe boma linapereka n'zopanda mphamvu. Mu Meyi 2020 linagamulanso chimodzimodzi pa ngongole za ProIndicus ndi MAM. Komabe boma linapitiriza kukambirana ndi eni ngongole ya EMATUM n'kugwirizana nawo za kabwezedwe katsopano. Monga ku Panama, chigamulo cha khoti la m'dziko sichinathetse zofuna za omwe ali kunja.

Kusiyana kwina n'kwakuti Conselho Constitucional limayesa malamulo, osati mkangano uliwonse. Migwirizano ya migodi m'dziko lino imasainidwa ndi boma potsatira Lei de Minas, lamulo lomwe limafunanso kuti migwirizanoyo isindikizidwe mu Boletim da República. Mikangano yokhudza chilolezo chomwe boma lapereka kapena kulanda imapita ku Tribunal Administrativo.

Mlimi agogode pakhomo liti

Madandaulo ambiri a anthu okhala pafupi ndi migodi si a malamulo aakulu a dziko. Pakati pa 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja opitirira 1,300 ku Moatize kupita ku Cateme ndi ku bairro ya 25 de Setembro. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba ndi minda yomwe anapatsidwa. Nkhani ngati imeneyi sifunsa ngati lamulo ndi loyenera. Imafunsa ngati lamulo ndi malonjezo zinatsatidwa, ndipo imafuna umboni: mboni, zikalata ndi miyezo ya minda. Chaka chomwecho boma linatulutsa Decreto 31/2012 yofotokoza ndondomeko yosamutsira anthu.

Kwa mlimi wa ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde, chitetezo choyamba chili mu Lei de Terras, Lamulo 19/97. Lamuloli limazindikira ufulu wogwiritsa ntchito nthaka, DUAT, wa munthu kapena mudzi womwe unalandira malo motsatira mwambo, komanso wa nzika yomwe yalima pamalo mokhulupirika kwa zaka zosachepera 10. Kusowa kwa chikalata sikuchotsa ufuluwu, ndipo anthu a m'mudzi akhoza kuuchitira umboni. Malo asanaperekedwe kwa kampani, anthu a m'deralo ayenera kufunsidwa, ndipo zomwe zakambidwa zimalembedwa m'chikalata cha msonkhano chotchedwa acta.

Ngati vuto ndi chilolezo chomwe boma lapereka mosatsata ndondomeko, khomo lake ndi Tribunal Administrativo ya m'chigawo. Ngati ndi chipukutamisozi chomwe kampani sinalipire kapena mbewu zomwe zaonongedwa, khomo lake ndi khoti la m'boma kapena la m'chigawo. Ngati vuto ndi lamulo lenilenilo, pamafunika nzika 2,000 kapena kupempha Provedor de Justiça kapena Procurador-Geral kuti alitengere ku Conselho Constitucional. Amene alibe ndalama zolipira loya akhoza kupempha thandizo laulere ku IPAJ, yomwe ili ndi maofesi m'maboma.

Madandaulo a ku Tribunal Administrativo amakhala ndi nthawi yake yoikika, ndipo ikadutsa khoti likhoza kukana mlandu osaumva. N'chifukwa chake mudzi womwe kwabwera kampani umafunika kusunga kope la acta iliyonse yomwe yasainidwa, kulemba tsiku lomwe chidziwitso chilichonse chafika, ndi kukafunsa uphungu mathirakitala asanalowe m'munda.